Katemera wa chikuku m'maposto a ku Tete: mankhwala ndi abwino, koma miyezi ikutayika pa mzere

Katemera wa chikuku amene akubayidwa m'maposto a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde ndi wabwino, ndipo pamenepo palibe chokangana. Salipiritsa ngakhale metikali imodzi, mlingo wake ndi 0.5 ml basi, ndipo mwa ana 100 amene abayidwa kawiri, pafupifupi 97 satenga chikuku. Posto ina imasiyana ndi inzake pa tsiku limene mwana wabayidwa, pa kasamalidwe ka kabotolo, ndi pa mawu amene namwino wauza mayi asanabereke mwana kubwerera kumudzi. Ntchito imeneyi tikuiyeza ndi matenda amodzi osowa amene makolo ambiri sanawamvepo, oti chikuku chimabisala mu ubongo wa mwana n'kudzamupha patapita zaka.

Madokotala amawatchula mwachidule kuti SSPE, ndipo pa mapepala a chipatala a Chipwitikizi amalembedwa kuti panencefalite esclerosante subaguda. Anawafotokoza koyamba ndi James Dawson ku America mu 1933, ndipo mu 1969 akatswiri anatulutsa kachilombo ka chikuku mu ubongo wa odwala. Mwana amadwala chikuku ali wamng'ono, totupa n'kuuma, n'kuchira, n'kuyamba sukulu ngati anzake. Matendawa amadzaonekera patapita zaka 7 mpaka 10, ndipo ambiri amamwalira pasanathe zaka 3 chiyambire zizindikiro. Anyamata amagwidwa kuposa atsikana.

Kusowa kwake kusakunyengeni. Mukawerengera onse odwala chikuku, amagwira anthu 4 mpaka 11 mwa 100,000. Koma kafukufuku wa ku California amene anatuluka mu 2017 anapeza kuti mwa ana amene anadwala chikuku asanakwanitse zaka 5, mmodzi mwa 1,367 anadzadwala SSPE, ndipo mwa amene anadwala asanakwanitse chaka, anali mmodzi mwa 609. Ndiye kuti msinkhu umene mwana wakumana ndi chikuku ndiwo nkhani yaikulu. N'chifukwa chake kuchedwetsa jakisoni ndi miyezi iwiri sitikuona ngati vuto laling'ono la kayendetsedwe ka ntchito.

Kuti kachilombo ka m'chifuwa kasanduke ka mu ubongo, pamachitika izi. Malangizo onse a kachilombo ka chikuku alembedwa mu ulusi umodzi wa RNA wa zilembo 15,894, wogawidwa m'zigawo 6 zotchedwa N, P, M, F, H ndi L. Puloteni ya H ndi imene imagwira selo, ya F ndi imene imalumikiza khungu la kachilombo ndi khungu la selo kuti zam'kati zilowe. H imagwira pa malo awiri okha: pa SLAM, imene ili pa maselo a chitetezo cha m'thupi, ndi pa nectin-4, imene ili pa maselo a njira ya mpweya. Maselo a minyewa ya mu ubongo alibe zonse ziwirizi. Chikuku wamba, ngakhale chitafika mu ubongo, sichiyenera kuyendamo, chifukwa F yabwinobwino simagwira ntchito pokhapokha H itagwira kaye polowera pake.

Koma puloteni ya L, imene imakopera RNA, ilibe njira yokonzera pamene yalakwitsa. Mwa mwana amene chitetezo chake chinali chisanakhwime, kachilombo kangapo kamatsalira, n'kumadzikopera pang'onopang'ono kwa zaka, zolakwika zikuunjikana. Thupi lenilenilo limaonjezerapo: tili ndi puloteni yathu yotchedwa ADAR1 imene imasintha zilembo za RNA yachilendo, ndipo mu 1988 Roberto Cattaneo ndi anzake anasonyeza kuti mu ubongo wa odwala chigawo cha M chimakhala chitasinthidwa zilembo zambirimbiri, U kukhala C. M ndi imene imasonkhanitsa ziwalo za kachilombo katsopano kuti katuluke m'selo. Ili ngati jeke ndi chiguduli pa nthawi yodinda fodya: zikasowa, fodya alipo ndithu m'shedi koma belo silimangika, ndipo palibe chokwera galimoto. Kachilombo kopanda M yabwino sikatuluka m'selo. Asilikali a m'thupi olimbana ndi chikuku amakhala ochuluka zedi m'magazi ndi m'madzi a mumsana a wodwala SSPE, koma amadikira panja mdani amene ali m'kati.

Kusintha kumene kumapha ndi kwa F. Nthawi zina mchira wake wa m'kati mwa selo umaduka, nthawi zina kachidutswa kamodzi kokha kamalowedwa m'malo ndi kena, monga kusintha kotchedwa T461I, kumene kuli pa malo a nambala 461 a puloteniyo. F yotereyi imakhala yosakhazikika, yofulumira kulumikiza maselo ngakhale SLAM ndi nectin-4 palibe. Akatswiri a ku Kyushu University ku Japan anapeza mu 2021 kuti mapuloteni awiri a mu ubongo, CADM1 ndi CADM2, ndi amene amaidzutsa, ndipo kachilombo kamadutsa kuchokera m'selo lina kulowa m'linzake pa malo pamene minyewa imakhudzana. Mu 2023 gulu lomwelo linasonyeza kuti RNA simayenda yokhayokha koma m'chigulu, yosinthika ndi yosasinthika pamodzi, ndipo kusakanikirana kwa mitundu iwiri ya F kungathe kuchepetsa kapena kukulitsa mphamvu yolumikizayo. Chaka chomwecho akatswiri a ku Mayo Clinic ku America, atayeza mbali zosiyanasiyana za ubongo wa munthu amene anamwalira ndi SSPE, anapezamo magulu awiri a RNA ya chikuku oyendera limodzi, ndipo zinaoneka kuti kufalikira kunayambira kutsogolo kwa ubongo. Izi zikugwirizana ndi zimene makolo amaona poyamba, zomwe ndi kusintha kwa khalidwe.

Pali zinthu ziwiri zochokera apa zimene namwino aliyense angathe kuuza makolo. Choyamba, mwana wa SSPE sapatsira anzake, poti kachilombo kake sikatuluka; palibe chifukwa chomupatulira mbale kapena mphasa. Chachiwiri, kusinthaku kumachitika mu ubongo wa munthu mmodzi ndipo kumathera momwemo, sikufooketsa katemera. Mitundu ya chikuku yolembedwa ilipo 24, muno mu Africa mtundu wofala ndi wotchedwa B3, koma katemera mmodzi amateteza ku yonse. Ndipo ubongo wa odwala SSPE ukayezedwa, mumapezeka kachilombo ka chikuku cham'mudzi, osati kofooketsedwa ka m'katemera.

Tsopano katunduyo. Kuyambira mu 2018 Mozambique imapereka katemera wophatikiza chikuku ndi rubéola (matenda ena a totupa ofanana ndi chikuku), amene pa cartão cha mwana amalembedwa kuti sarampo-rubéola, kudzera mu Programa Alargado de Vacinação ya unduna wa zaumoyo. Woyamba ndi pa miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 18. Amabwera ali ufa wouma m'kabotolo ka ana 10, ndi kabotolo kena ka madzi osungunulira ka 5 ml. Amabayidwa pansi pa khungu kumtunda kwa mkono, singano itapendekeka, osati m'mnofu. Kachilombo ka m'katimo n'kamoyo koma kofooketsedwa, ndipo ubwino wake ndi vuto lake zonse zili pomwepa: chitetezo chake chimakhalitsa, koma kutentha ndi kuwala zimakapha msanga.

M'firiji kuzizira kuyenera kukhala pakati pa 2 ndi 8°C, ndipo kumalembedwa pa pepala kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ngakhale Lamlungu. Mafiriji a sola athandiza kwambiri maposto amene magetsi sanafike. Ku mapiri a Angónia nyengo imakhululuka, koma m'chigwa cha Zambezi, ku Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira 40°C, kabokosi kozizira kotsegulidwatsegulidwa sikachedwa kufunda. Pa chivindikiro cha kabotolo pali kachizindikiro ka bwalo kokhala ndi kabokosi koyera pakati. Kabokosiko kakada kufanana ndi bwalolo, kapena kuposa, katemerayo wapsa ndipo ndi wotaya, ngakhale tsiku lake lothera mphamvu lisanakwane. Kuyang'ana kwake ndi kwa kanthawi kochepa, ndipo mayi akapempha kuti aone, namwino wabwino sakwiya.

Zolakwika zambiri zimachitika posungunula. Madzi ayenera kukhala a kampani imene inapanga katemerayo, osati madzi ena alionse a jakisoni, ndipo aikidwe m'firiji dzulo lake kuti azizire mofanana ndi ufawo. Madzi ofunda amachepetsa mphamvu ya katemera msanga. Asaumitsidwe, chifukwa kabotolo kamang'aluka. Onse 5 ml alowe, pogwiritsa ntchito sirinji yatsopano, ndipo nthawi ilembedwe pa kabotolopo. Kuyambira pamenepo ndi maola 6 okha, kapena kutha kwa ntchito ya tsikulo ngati kwafika msanga. Kabotolo kazikhala m'chinkhupule cha pakamwa pa kabokosi kozizira, osati patebulo padzuwa, ndipo singano isasiyidwe ili chobaya pa chivindikiro. Katemerayu alibe mankhwala oletsa mabakiteriya, choncho wogona usiku amatha kumera bakiteriya wotchedwa Staphylococcus, amene poizoni wake amapha mwana m'maola ochepa. Ndipo m'firiji ya katemera musamasungidwe mankhwala ena. Ku Samoa mu 2018 makanda awiri anamwalira anamwino atasungunula katemera ndi mankhwala ofooketsa minofu m'malo mwa madzi; makolo anachita mantha, ana obayitsa katemera anachepa, ndipo mu 2019 chikuku chinapha anthu 83 m'dzikomo, ambiri ana aang'ono. Pakhungu pobayapo, ngati pali litsiro, madzi oyera akukwanira. Sipiriti wosauma amafooketsa katemera wamoyo.

Pa mbali imeneyi maposto ambiri amagwira bwino ntchito, ndipo tikuwayamikira. Sirinji zodzitseka zokha zikagwira ntchito kamodzi zinathetsa nkhani yobwereza singano. Pamene ntchitoyi ikutsimphina ndi pa kabotolo ka ana 10 kaja. Poopa kutaya milingo yotsala, maposto ena amasankha tsiku limodzi pa sabata la chikuku, ena amauza mayi kuti ana achepa, abwerenso. Malangizo a World Health Organization ndi oti kabotolo katsegulidwe ngakhale mwana woyenera ali mmodzi, ndipo kutayika kwa milingo ina kumawerengeredwa kale poitanitsa. Mayi amene wayenda maola awiri wapansi, ndipo kumunda kukumudikira, akabwezedwa mu Disembala amadzabweranso atakolola. Mwana amene anayenera kubayidwa pa miyezi 9 amabayidwa pa miyezi 13 kapena 14, ndipo yambiri mwa miyezi yotayikayo ndi yomwe ija ya mmodzi mwa 609. Kumeneku sikusunga katundu wa boma ayi.

Kubweza mwana chifukwa cha chimfine, kutsokomola pang'ono kapena kutsegula m'mimba kosadetsa nkhawa nakonso n'kulakwitsa. Mwana wonyentchera ndi amene ayenera kukhala patsogolo pa mzere. Osayenera kubayidwa ndi ochepa: mayi woyembekezera, munthu amene chitetezo chake chatsikiratu, ndi amene katemera woyamba anamutupitsa nkhope n'kumubanikitsa. Mwana amene ali ndi HIV koma sanadwalike amabayidwa, ndipo World Health Organization imalangiza kumuonjezera mlingo wina pa miyezi 6. Kwa anthu amene chitetezo chawo chatsika, chikuku chingathe kulowa mu ubongo msanga, m'miyezi yochepa osati zaka. Pa mliri wa ku South Africa wa 2009 mpaka 2011, mu ubongo wa odwala ena a HIV munapezeka F yosinthika pa malo a 454, yofulumira kulumikiza maselo ngati ya SSPE ija.

Jakisoni wachiwiri ndiye wamasiye. Pa miyezi 9, mwa ana 100 pafupifupi 85 ndi amene katemera amawagwira, chifukwa mwa ena asilikali ochokera kwa mayi amakhala akadalipo ndipo amapha katemerayo asanagwire ntchito. Ana 15 otsalawo sadziwika ndi maso. Wa pa miyezi 18 ndi wawo. Koma pofika msinkhu umenewo mwana akuyenda, mayi mwina ali ndi pakati pena, ndipo kusikelo anasiya kupita poganiza kuti wa miyezi 9 ndiye wotsekera, monga zinalili kale. Namwino amene amalemba tsiku lobwerera pa cartão, n'kulinenanso pakamwa m'Chichewa molitchula ndi nyengo, kuti "mudzabwere nthawi yokumba mbatata", amachita zambiri kuposa chikwangwani cha pakhoma. Magulu a brigada móvel amene amafika m'midzi ndi njinga zamoto ndi amene amapeza ana oterewa, ndipo kumene amafika mwezi ndi mwezi ntchito imaoneka. Vuto ndi loti mafuta akasowa kapena mitsinje ikadzaza, ulendo umalephereka popanda uthenga, anthu n'kukhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka. Uthenga wodzera kwa mfumu kapena kwa wazaumoyo wa m'mudzi dzulo lake ungateteze chikhulupiriro chimene chimavuta kubwezeretsa.

Mabanja a m'malire ali ndi msampha wawo. Ku Malawi wachiwiri amaperekedwa kuyambira pa miyezi 15, kuno pa miyezi 18. Mayi wa kufupi ndi Calómuè kapena Zóbuè, amene sikelo amapita mbali iliyonse imene yayandikira, amatha kukhala ndi makhadi awiri, ndipo mbali iliyonse n'kuganiza kuti inzake inabaya. Njira yake n'njosavuta: nyamulani makhadi onse. Milingo iwiri imawerengedwa bola woyamba anaperekedwa mwana atakwanitsa miyezi 9 ndipo pakati pake panadutsa masabata osachepera 4. Ngati palibe cholembedwa, abayidwe. Mlingo woonjezera suvulaza. Chikuku chokha sichidziwa malire. Munthu mmodzi amapatsira anthu 12 mpaka 18 osatetezedwa, kachilombo kamakhala mu mpweya wa m'chipinda mpaka maola 2 wodwala atachoka, ndipo amayamba kupatsira masiku 4 totupa tisanatuluke. Mu 2010 Malawi inalemba odwala oposa 134,000 ndi imfa zoposa 300, pamene pa msika wa m'malire ngati wa Lizulu anthu a mbali zonse ziwiri amagula ndi kugulitsa mothithikana. Kuti khanda la miyezi 7 litetezeke, pamafunika kuti anthu 95 mwa 100 olizungulira akhale otetezedwa, ndiye mkulu wake wa zaka 4 amene sanabayidwe kachiwiri ndi nkhani ya khandalo.

Mliri ukabuka, katemera amaperekedwa kuyambira miyezi 6, koma mlingo umenewo suwerengedwa. Wa miyezi 9 ndi wa 18 amabayidwabe. Mwana amene wakhudzana ndi wodwala akabayidwa pasanathe maola 72 angathe kupulumuka. Wodwala kale apatsidwe vitamini A masiku awiri otsatizana: 50,000 IU (muyezo wa vitaminiyu) kwa wosakwana miyezi 6, 100,000 IU kwa wa miyezi 6 mpaka 11, ndi 200,000 IU kuyambira chaka. Vitaminiyu amateteza maso ndi kuchepetsa imfa, koma saletsa SSPE. Zobisa mwana wa chikuku m'nyumba ndi kumudonthezera zitsamba m'maso zachititsa khungu ana ambiri.

Kufotokoza zotsatira za jakisoni ndi mbali ina imene timaipatsa malikisi ochepa. Mwa ana 100, 5 mpaka 15 amatentha thupi pakati pa tsiku la 7 ndi la 12, ena n'kutuluka totupa tochepa. Zimatha zokha m'masiku awiri kapena atatu ndipo sizipatsirana. Mayi amene sanauzidwe amati jakisoni wamupatsa mwana chikuku, ndipo mudzi wonse umamva. Komanso kuno ndi kwa malungo, choncho kutentha thupi kulikonse kuyezedwe, osangoti ndi katemera. Choopsa ndi kutentha kwambiri, kusanza ndi kutsegula m'mimba m'maola ochepa chibayireni. Pamenepo thamangani, ndipo a posto afufuze ana ena onse a kabotolo komweko. Mphindi 15 mpaka 30 zodikira mukabayitsa si zotaya nthawi.

Nanga mwana akayamba kudwala SSPE, ntchitoyi imamuthandiza bwanji? Pang'ono, ndipo mbali ina si mlandu wa aliyense, poti mankhwala ochiza kulibe dziko lonse lapansi. Inosine pranobex, interferon ndi ribavirin amachedwetsa matendawa mwa ena, osati kuwachotsa. Koma kuzindikira msanga kumapulumutsa banja ku zambiri. Poyamba mwana amene ankakhoza m'kalasi amayamba kuiwala, kulemba mokhotakhota, kupsa mtima kapena kungoti duu, ndipo amadzudzulidwa kuti ndi ulesi. Kenako amayamba kudzidzimuka: mutu kugwa mwadzidzidzi, mkono kuponyeka, kapu kugwa m'manja, mobwerezabwereza pa masekondi angapo alionse, iye ali maso. Akagona tulo zimaleka. Apa ambiri amati ndi khunyu, ena amati amulodza, ndipo mbuzi zimathera kwa asing'anga, abale n'kudana. Pambuyo pake thupi limauma, maso amasiya kuona, kulankhula ndi kumeza kumatha.

Funso limene limatsegula njira ndi limodzi, ndipo kawirikawiri silifunsidwa: kodi mwanayu anadwalapo chikuku, ali ndi miyezi ingati? Mwana wa zaka 6 mpaka 15 amene nzeru zikubwerera m'mbuyo ndipo akudzidzimuka chotere atumizidwe kuchipatala cha boma, ndipo kuchokera kumeneko ku Hospital Provincial de Tete. Chotsimikizira ndi kuyeza asilikali olimbana ndi chikuku m'madzi a mumsana, ndi EEG, yoyeza mafunde a mu ubongo, imene imaonetsa mafunde aakulu obwerera pa masekondi 4 mpaka 15 alionse. Kutenga madzi a mumsana anthu amakuopa, koma amatengedwa ochepa, m'munsi mwa pamene mtsempha wa msana umathera. Carbamazepine kapena clonazepam amachepetsa kudzidzimukako. Kunyumba, mwana adyetsedwe atakhala tsonga, phala lokhuthala pang'ono ndi supuni yaing'ono, chifukwa chakudya cholowera m'mapapo ndi chimene chimabweretsa chibayo chomwe chimapha ambiri a iwo. Akasiya kudzitembenuza, atembenuzidwe maola 2 alionse kuti asachite zilonda.

Chinthu chimodzi chimene maposto onse angayambe mawa popanda ndalama ndi kulemba pa cartão mwana akapezeka ndi chikuku: mwezi, chaka ndi msinkhu wake. Magazi a odwala ena amatumizidwa ku Instituto Nacional de Saúde, bungwe la boma lofufuza za matenda, kukatsimikizira, koma zotsatira zimathera m'mabuku a boma, osati m'manja mwa kholo. Makolo pemphani kuti zilembedwe, khadilo mulijambule pa foni mbali zonse ziwiri, ndipo mulisunge m'pulasitiki ngakhale mwana atasiya sikelo.